Wapachala Ngwamphepo

Ku Rumphi nkhani ya fodya sachita kuphunzitsana. Kuyambira ku Bolero, Mwazisi ndi Katowo mpaka kutsetsereka m'chigwa cha Henga, zigafa zili ponseponse, ndipo mwana amakula akudziwa kuti chaka chimayamba kukoma mabelo akakwera galimoto kupita ku okushoni ku Mzuzu. Ndalama zikalowa, ngongole ya feteleza ikabwezedwa, malata akagulidwa, zotsala zimayang'ana ku maukwati. N'chifukwa chake kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itayamba kugunda, Loweruka silidutsa popanda mahutala ndi nthungululu pa boma.

Mwambi wa akuluakulu sunena za fodya wa pabelo. Umanena za wosera, uja agogo amasunga m'kabotolo n'kumangirira pansonga ya chitenje: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Munthu watsina fodya wake, nkhani yakoma, dzanja lili m'malere, kamphepo kangodutsa n'kusiya chala chokhachokha. Anamulima yekha, anamusera yekha, koma wapita asanamve n'kununkhira komwe.

Pa zinthu zonse zimene komiti ya ukwati imalipira, palibe chokhalitsa pachala ngati zithunzi ndi vidiyo. Ng'ombe amaiona ili moyo, amaizungulira, amakangana za nthiti zake. Keke amapita kukaiona, holo amalowamo n'kuwerenga mipando, diresi mkwatibwi amaliyesa kawiri katatu kwa telala. Koma wojambula amagulitsa chinthu chimene kulibe. Tsiku lolipira dipoziti palibe chogwirika, tsiku la ukwati chimene anthu amaona ndi msana wake ndi kuthwanima kwa kamera, ndipo katundu weniweniyo amabwera patapita masabata, nthawi zina miyezi, alendo onse atabalalika. Akabwera woipa, kulibe kobweza. Nsima yosapsa amaphikanso, koma m'busa sangaitanidwenso kuti adzabwereze malumbiro chifukwa kamera inali itazima.

Chodabwitsa n'chakuti pamndandanda wa komiti, wojambula amalembedwa kumunsi, pambuyo pa zakumwa, zokongoletsa holo ndi mafuta a galimoto zoperekeza akwati. Msungichuma akanena kuti ndalama zapereŵera, dzina loyamba kulifufuta ndi lomwelo, ndipo sipalephera kudzuka wina wonena kuti, "Asibweni, musavutike, mwana wa ankhazi uja ali ndi foni yabwino." Foniyo ndi yabwinodi. Koma mwini wake ndi mlendo paukwatipo, ali ndi anzake ofuna kucheza nawo, ali ndi nyimbo yake imene ikalira sangaime chilili, ndipo batire limatha nthawi ya perekaniperekani isanakwane.

Amene atsimikiza zolemba munthu waluso amakhala ndi njira ziwiri. Pali ojambula a pa boma ndi a m'malo a malonda ngati Bolero ndi Phwezi, amene amadziwa tchalitchi chilichonse, amalankhula Chitumbuka cha anthu ake, ndipo akachedwetsa zithunzi mumadziwa khomo lokagogoda. Ndiye pali a ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 70, amene ambiri ali ndi zida zapamwamba, nyale, droni ndi dzina lomveka pa Facebook. Awa amafuna thiransipoti, chakudya ndi pogona, ndipo m'boma la Rumphi mtunda suwerengedwa ndi makilomita okha. Kuchoka pa msewu wa M1 kulowera pa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri, ulendo ndi wosavuta. Koma ukwati ukakhala ku Hewe, wojambula amafika atayera ndi fumbi, iye ndi zikwama zake zomwe. Ukakhala ku Livingstonia ndipo iye wadzera ku Chitimba, akwere Gorodi ndi makona ake 20. Ukakhala ku Tcharo, m'mbali mwa nyanja, ayambe wafunsa za boti ndi mwera. Wojambula amene akuti adzanyamuka ku Mzuzu m'mamawa wa tsiku lomwelo ndiye kuti malowo sakuwadziwa, ndipo banja lochenjera limalolera kumulipirira chipinda Lachisanu.

Tsamba la pa Facebook nalo n'chikomekome cha mkuyu. Aliyense amaikapo zithunzi zake khumi zopambana, ndipo alipo ena amene amaikapo za eni ake. Mayeso enieni n'kupempha ukwati umodzi wathunthu, kuyambira kokonza tsitsi mpaka kodula keke, n'kuuona wonse modekha. M'menemo ndi m'mene mumaonekera ngati munthuyo amatha kujambula m'tchalitchi mwamdima, ngati nkhope za anthu zimaoneka kapena zimamira, ngati mawu a m'vidiyo amamveka. Kenako n'kupempha nambala ya banjalo n'kulifunsa funso limodzi lokha: zinafika liti?

Ntchitoyi ili ndi zovuta zake zimene wovina saziona. Diresi loyera, suti yakuda ndi khungu lakuda pachithunzi chimodzi ndi mayeso aakulu kwa kamera iliyonse: ukatsata diresi nkhope zimada bii, ukatsata nkhope diresi limayera mbee osaonekanso maluwa ake. Akwati amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, ndipo dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Henga limaika mithunzi m'maso, thukuta n'kumasungunula zodzoladzola. Wodziwa ntchito amakokera anthu pansi pa mtengo wa mango, osati pabwalo. M'tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Livingstonia, chija chili ndi zenera la magalasi amitundumitundu losonyeza David Livingstone, vuto limatembenuka: kuwala n'kochepa, denga lili kutali, ndipo kamera yotchipa imatulutsa zithunzi za mbuu. Mipingonso ili ndi malamulo ake. Kaya ndi ku CCAP ya Sinodi ya Livingstonia, kaya ku parishi ya St Denis pa boma, wojambula waulemu amayamba waonana ndi akulu a mpingo kuti amve poima ndi posafika, kuopa kudzudzulidwa ndi m'busa pakati pa pemphero anthu onse akumva.

Ndiye pali mawu. Vidiyo zambiri za ukwati zimakongola m'maso koma malumbiro samveka, chifukwa kamera inali kutali ndipo chimene inatola ndi kulira kwa mwana ndi kukhosomola kwa wina pabenchi yapafupi. Pomaliza wokonza vidiyo amangophimba zonse ndi nyimbo. Kamaikolofoni kakang'ono kopanira pakolala ya mkwati kamathetsa vutoli, koma ndi komiti zingati zimafunsa ngati wojambula ali nako? Funso lina losafunsidwa ndi la memori khadi. Makamera ena amalemba chithunzi chilichonse pa makhadi awiri nthawi imodzi, kuti ina ikafa inzake itsale. Ena ali ndi malo a khadi imodzi yokha, ndipo ukwati wonse umapachikidwa pa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Mabatire apadera nawo si nkhani yocheza kumudzi kumene magetsi a ESCOM sanafike, kapena afika koma athima. Ndipo munthu mmodzi amene akulonjeza kugwira zithunzi ndi vidiyo yekha akulonjeza zosatheka. Mapanga awiri avumbwitsa: mphete ikamalowa kuchala, asankhe chimodzi.

Kunena mosakondera, fodya wa wojambula nayenso amakhala pachala. Kamera, magalasi ake ndi kompyuta yokonzera vidiyo sizipangidwa m'Malawi. Zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chida chilichonse unalumpha, pamene makomiti ankafunabe mitengo yakale. Mnyamata wagwira ntchito kuyambira tambala woyamba, waima tsiku lonse, mwina sanapatsidwe n'mbale yomwe chifukwa ogawa chakudya samuwerengera ngati mlendo, ndipo akafunsa ndalama zake zotsala amamva kuti, "Dikirani perekaniperekani athe." Perekaniperekani akatha, ndalama zili m'manja mwa owerengera, wapampando sakuoneka, akwati akwera galimoto. Iye chomwe watsala nacho ndi zithunzizo, ndiye amazigwira ngati chikole. Banja likuti sitimaliza kulipira tisanaone katundu, wojambula akuti sinditulutsa katundu ndisanaone ndalama. Milandu yambiri ya zithunzi zosafika imayambira pamenepa, osati pa ukathyali. Ndipo pamene akukokanakokana choncho, laputopu ikhoza kubedwa, khadi ikhoza kufufutidwa kuti ikajambule ukwati wa Loweruka lotsatira.

Mankhwala ake ndi pepala limodzi, lolembedwa ngakhale pamanja: mtengo wonse, dipoziti, tsiku lomaliza kulipira, chiwerengero cha zithunzi zotsuka, kutalika kwa vidiyo, tsiku loperekera, ndiponso ngati wojambula waloledwa kuika nkhope za akwati pa intaneti potsatsa malonda ake. Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuli ndi ubwino woti uthenga umatsala ngati mboni. Ena amati kulemberana ndi mwana wa m'mudzi momwemo n'kusakhulupirirana. Komatu ngakhale ng'ombe za malowolo zimawerengedwa pamaso pa mboni, ndipo palibe amati n'chipongwe.

Pali gulu lina la ojambula limene komiti silemba koma silisowa paukwati. Amafika pa tchalitchi osaitanidwa, amajambula aliyense wotchena, amathamanga kukatsuka, ndipo anthu akamalowa m'holo amapeza nkhope zawo zitayalidwa pakhomo, chilichonse ndi mtengo wake. Ojambula olembedwa amadana nawo chifukwa amatchinga ndi kusokoneza maso a akwati. Zithunzi zawo nthawi zambiri n'zopendama, mitundu yake yopyola muyeso. Koma chilungamo chake n'chakuti mayi wochokera ku Mhuju kapena ku Nchenachena amabwerera kwawo madzulo amenewo ali ndi chithunzi m'chikwama, chogwirika, cholipiridwa, chake. M'nyumba zambiri za kumudzi, chithunzi chokhacho cha ukwati chimene chili pakhoma chinachokera kwa anthu amenewa, pamene za wojambula wodula uja zikadali mu fulashi ku Lilongwe.

Nkhani ina yolemera kuposa ya zida ndi yakuti kamera imaloza ndani. Kuno kumpoto ukwati suyamba ndi diresi. Umayamba ndi thenga, munthu amene anayenda maulendo pakati pa mabanja awiri, kunyamula mawu, kubweza mawu, kupepesa pamene ena analakwitsa, mpaka za malowolo zitatheka. Pali ankhazi amene analangiza mtsikana, pali agogo amene anamulera amake ali kumunda. Tsiku la ukwati anthu amenewa amakhala pamzere wachitatu, atavala zimene anasunga m'sutikesi chaka chonse, ndipo wojambula wochokera kutali sawadziwa. Iye amatsata zowala: operekeza akwati, nsapato, mphete zoikidwa pa maluwa, mkwatibwi akuyang'ana pazenera ngati wa m'filimu. Zithunzi mazanamazana zimatuluka, cha thenga palibe. Patapita zaka zisanu agogo aja amwalira, banja likufuna chithunzi choika papulogalamu ya maliro, ndipo chimene chapezeka ndi theka la nkhope yawo kumbuyo kwa phewa la munthu wina.

Apa ndi pamene mwana wa ankhazi uja akanathandiza koposa. M'malo mopikisana ndi wojambula, ayende naye n'kumamunong'oneza kuti awo ndi adada aakulu, awo ndi asibweni a mkwatibwi, awo achokera ku Chitipa dzulo, musawaphonye. Yemweyo ndiye angamuletse kuchita zochititsa manyazi. Mkamwana ndi apongozi ake aamuna ali ndi mtunda wawo umene mwambo unaika, ndipo wojambula wa m'tauni akafuula kuti, "Adada, agwireni paphewa, yandikiranani!" holo yonse imagwa nkhope. Chithunzi chimatuluka, inde, koma aliyense wa m'banjamo akachiona amakumbukira manyaziwo.

Vidiyo ya perekaniperekani ndiye ili ndi ntchito imene palibe amaitchula poyera. Ndi kaundula. Imasonyeza amene anavina ndi K50 yosinthitsa mpaka nyimbo itatha, ndi amene anaponya K5,000, ija inatuluka mu 2022, n'kubwerera kukakhala mwakachetechete. Imasonyeza ngati akuchimuna anaposa akuchikazi. A Reserve Bank of Malawi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ndalama zimaonongeka pozipondaponda m'maukwati, ndipo umboni wake uli m'mavidiyo amenewa, maola athunthu. Achibale a ku Johannesburg amene anatumiza thandizo amaionera mwachidwi ngati owerengera chuma, kufuna kuona kuti ndalama zawo zinagwira ntchito yanji ndiponso ngati mayina awo anatchulidwa. Wokonza vidiyo akadula gawo limeneli kuti ifupike, amadula pamene eni ake amafuna kuona.

Masiku ano akwati ambiri amafunanso droni, kuti iwajambule kuchokera kumwamba atazunguliridwa ndi anthu awo, kapena ataima pafupi ndi mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 125. Ena amalakalaka udzu wa ku Nyika, osadziwa kuti kukafika ku Chelinda kuchokera pa boma ndi makilomita opitirira 100 a msewu wovuta, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira moti mkwatibwi wa mapewa apamtunda sangamwetulire. Komabe kujambulidwa kuchokera kumwamba si kwachilendo m'boma lino. Mu Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa chiopsezo, ndege ya boma inaponya uthenga ku Livingstonia wofunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kusamutsidwa, ndipo anauzidwa kuti ayankhe ndi chizindikiro pansi. Iwo pamodzi ndi anzawo akuda anagwirizana zokhala, ndipo anandandalika njerwa zopaka laimu pakapinga kulemba dzina la vesi, Aefeso 2:14. Ndege itabweranso inajambula, ndipo chithunzicho chinatuluka m'nyuzipepala ku Southern Rhodesia. Chinali chithunzi chimodzi, chopanda mitundu, koma chinasindikizidwa papepala, ndipo mpaka lero nkhani yake ikukambidwa.

Pafupi ndi pamalo pomwepo pali Stone House, nyumba imene mmishonale Robert Laws ankakhala, yomangidwa mu 1903, patapita zaka zochepa mishoni itasamukira ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia lero, mu 1894. Lero muli zinthu zakale, kuphatikizapo zithunzi za nthawi imeneyo. Zatha zaka zoposa 100 koma nkhope zikuonekabe. Tsono yerekezani ndi ukwati wa m'ma 1990. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, koma mabanja opeza bwino anali atayamba kale kujambulitsa maukwati pa matepi a VHS. Matepi amenewo alipo m'makabati, ena achita nkhungu, ndipo makina owaonetsera anasiya kupangidwa: kampani yomaliza, Funai ya ku Japan, inaleka mu 2016. Kenako kunabwera ma DVD, amene amakalika n'kumaima pakati pa ulaliki, ndipo malaputopu ambiri atsopano alibe n'polowetsa pomwe. Lero ndi fulashi, kanthu kamene kamabwerekedwa ndi mlamu kuti akaikemo nyimbo. Ndiye pali WhatsApp, imene imafinya chithunzi kuti chipepuke, moti ukadzafuna kuchikulitsa chimasweka, ndipo choikidwa pa status chimafufutika pakatha maola 24. Chida chilichonse chatsopano chimanyamula zithunzi zambiri kuposa chakale, koma palibe chimene chaonetsa kuti chingapirire ngati pepala losungidwa pouma.

Zithunzi za amishoni zija zili ndi chilema chimodzi chimene mabanja a lero akubwereza. Pa zambiri za mtundu umenewu mzungu amatchulidwa dzina, koma anthu akuda oima naye amangotchedwa aphunzitsi, ana asukulu kapena antchito. Anali ndi mayina, anali ndi midzi, koma wolemba sanalembe. Alubamu ya ukwati yopanda mayina kuseri kwa zithunzi imafika pomwepo pakangodutsa mibadwo iwiri: mdzukulu amaona anthu otchena, osadziwa kuti wa chipewayo ndiye anapereka ng'ombe yoyamba.

Ndipo pali funso la amene amatsala ndi chiyani. Mwambo wa kuno ndi woti mkazi amapita kwa mwamuna. Madyerero akatha, akuchimuna amabwerera ndi munthu, akuchikazi amabwerera ndi mapoto obwereka ndi chipinda chopanda mwini. Fulashi imapita ndi akwati ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa Limpopo. Amake a mkwatibwi, amene foni yawo ndi ya mabatani ndipo netiweki amaipeza pachulu, amangomva kwa ana a sukulu kuti zithunzi zinatuluka ndipo n'zokongola kwambiri. Pa anthu onse, iwo ndiwo amafunikira chithunzi chapakhoma, chifukwa ndiwo atsala opanda mwana pakhomo. Kutsukitsa zithunzi makumi awiri ndi kugula felemu imodzi sikungafanane n'komwe ndi ndalama zimene zimathera pa zakumwa, koma kawirikawiri sizilembedwa pabajeti, chifukwa bajeti imathera pa Loweruka.

Vuto lake lenileni lagona pomwepo. Komiti ya ukwati imakhazikitsidwa kuti ifikitse anthu pa tsikulo, ndipo tsikulo likadutsa imatha yokha. Amakumana kamodzi kuwerengera zotsala, kubweza mipando ya kusukulu ndi mapoto a kumpingo, kuthokozana, basi. Pagulu la pa WhatsApp anthu amayamba kutuluka mmodzimmodzi. Wa zokongoletsa walipidwa, wa zoimbira walipidwa, koma ntchito ya wojambula ndiye ikungoyamba kumene, ndipo amene anagwirizana naye mtengo, wapampando wa komiti, wabwerera ku ntchito yake ku Karonga. Akwati akamuimbira patapita mwezi kufunsa za zithunzi, iye amayankha mwaulemu wonse kuti udindo wake unatha, n'kuwatumizira nambala ya wojambulayo kuti azilankhula naye okha.